Mibadwo ya makompyuta a ku Lilanda: kuchokera pa mabiti 16 kufika pa 64

Lilanda ili kumadzulo kwa Matero, moyandikana ndi komboni ya George. Mukayenda m'misika yake mupeza tumashopu totaipira makalata ofunsira ntchito, tojambulira mapepala, toikira nyimbo m'mafoni ndi tolembetsera mafomu a pa intaneti. Makompyuta ambiri amene ali m'tumashopu timeneti, ngakhalenso a m'masukulu ndi m'maofesi a mipingo, sanagulidwe ali atsopano. Anayamba agwira ntchito zaka zingapo m'maofesi a ku Britain, ku America kapena m'makampani a m'tauni, kenako n'kugulitsidwa kapena kuperekedwa ngati mphatso. Choncho kompyuta ikamafika ku Lilanda imakhala itadya kale gawo la moyo wake, ndipo utali wa moyo wotsalawo umadalira kwambiri chinthu chimene ogula ambiri safunsa: purosesa yake ndi ya mabiti angati, ndipo ndi Windows uti amene angayende pamenepo. Mbiri ya funso limeneli inayambira kutali, koma mapeto ake akuonekera pa matebulo a anyamata okonza makompyuta m'makomboni athu.

Kukula kwa purosesa

Kompyuta imawerenga ndi zizindikiro ziwiri zokha, 0 ndi 1, ndipo chizindikiro chimodzi ndiye biti. Purosesa, kachipangizo kamene kamachita masamu onse m'kati mwa makina, imanyamula mabiti angapo nthawi imodzi. Ndi mabiti 8 mungapange manambala osiyana 256. Ndi mabiti 16 mungapange 65,536. Ndi mabiti 32 manambalawo amafika 4,294,967,296, ndipo ndi mabiti 64 chiwerengero chake chimakhala cha madijiti 20.

Manambalawa ndi ofunika chifukwa kachigawo kalikonse ka RAM, malo amene kompyuta imayalapo ntchito imene ikugwira, kamayenera kukhala ndi nambala yakeyake kuti purosesa ikapeze. Zili ngati manambala a nyumba m'komboni. Manambala akatha m'kaundula, anthu angamange nyumba zina zambiri, koma wobweretsa kalata sangazipeze chifukwa zilibe nambala. Purosesa ya mabiti 32 manambala ake amathera pa magigabaiti 4. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina, monga Windows kapena Linux, nayo imalembedwa molingana ndi kukula kwa purosesa. Windows wa 64-bit sangayende pa purosesa ya 32-bit. Windows wa 32-bit amayenda pa purosesa ya 64-bit, koma amaigwiritsa ntchito ngati yaing'ono.

Mibadwo yoyamba

Kampani ya Intel ya ku California inatulutsa purosesa ya 4004 mu 1971, ya mabiti 4, imene inapangidwira makina owerengetsera masamu. Mu 1974 kunabwera 8080 ya mabiti 8, ndipo mu 1978 kunabwera 8086 ya mabiti 16. Mng'ono wake wa 8086, wotchedwa 8088, ndi amene IBM inasankha pa kompyuta yake ya PC imene inatuluka mu Ogasiti 1981, yoyendera DOS ya Microsoft. Makina amenewo sankatha kupitirira megabaiti imodzi ya RAM, ndipo mapulogalamu wamba ankapatsidwa makilobaiti 640 okha. Lero chithunzi chimodzi chojambulidwa pa foni chimaposa pamenepo.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1985 ndi purosesa ya 80386, yoyamba ya mabiti 32 m'banja limeneli. Compaq inaiika m'kompyuta yake mu 1986, IBM isanatero. Chimene Intel inachita bwino pa 386 n'chakuti inaipanga kuti iziyendetsabe mapulogalamu onse akale a mabiti 16. Munthu amene anagula makina atsopano sanafunike kutaya mapulogalamu ake. Windows anatsalira m'mbuyo zaka zingapo: Windows 3.1 wa 1992 anali akadali wa mabiti 16 m'mbali zambiri, Windows NT wa 1993 anali wa mabiti 32, ndipo anthu wamba analowa m'badwo umenewu ndi Windows 95. Pa 386 yomweyo ndi pamene Linus Torvalds, wophunzira wa ku Helsinki, anayambira kulemba Linux mu 1991.

Mwambo wosataya zakale umenewu ndi umene unatsegulira njira msika wa makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito. Makina a zaka 6 kapena 8 ankayendetsabe mapulogalamu amene anthu ankafuna, ndipo pulogalamu yakale inkayendabe pa makina atsopano. Popanda zimenezi, kompyuta yochoka mu ofesi ya ku London ikanakhala chitsulo chabe pofika ku Lusaka.

Mmene anafikira kwathu

M'zaka za m'ma 1980 kompyuta ku Zambia inali chinthu cha m'migodi, m'mabanki, m'maofesi akuluakulu a boma ndi pa University of Zambia. Pa yunivesiti imeneyi ndi pamene imelo inayambira mu 1991, makalata akumadutsa pa waya wa telefoni kupita ku Rhodes University ku South Africa. Mu 1994 yunivesitiyo inakhazikitsa kampani ya ZAMNET, ndipo Zambia inakhala limodzi mwa mayiko oyambirira kum'mwera kwa Sahara kulumikizidwa mokwanira pa intaneti. Zimenezi zinkachitika kum'mawa kwa mzinda, m'mbali mwa Great East Road. Kumadzulo, ku Matero, ku Lilanda ndi ku George, munthu wofuna kalata yotaipidwa ankapitabe kwa mayi wa taipi.

Kuyambira chakumapeto kwa 1991 boma la Frederick Chiluba linatsegula malonda, ndipo katundu wogwiritsidwapo kale ntchito anayamba kulowa wochuluka. Zinayamba ndi salaula ndi magalimoto a ku Japan, makompyuta n'kutsatira. Mabungwe othandiza nawo analowapo. Computer Aid International ya ku London ndi Camara ya ku Dublin ankasonkhanitsa makina otsika ntchito m'makampani a ku Ulaya, kuwafufuta, kuwakonza ndi kuwatumiza ku masukulu a mu Africa, kuphatikizapo a ku Zambia. Bungwe la Computers for Zambian Schools linkagwira ntchito yofanana nayo. M'zaka za m'ma 2000 mabokosi otuwa a Dell, HP ndi Compaq, okhala ndi Pentium III kapena Pentium 4, anadzaza m'makafe a intaneti a m'tauni, kenako a m'makomboni.

Imeneyo inali nyengo ya Windows XP, amene anatuluka mu Okutobala 2001. XP ankakhutira ndi RAM yochepa, ankadziwa pulinta iliyonse, ndipo CD yake inkapezeka m'chikwama cha wokonza aliyense. Achinyamata ambiri a ku Lilanda amene lero ali ndi ana awo anaphunzira kugwira mausi pa XP, kulipira mphindi zingapo kuti atsegule imelo ya Yahoo, ndi kudikira tsamba likutseguka pang'onopang'ono. M'zaka zimenezo panalibe wofunsa za mabiti, chifukwa pafupifupi makina onse ndi mapulogalamu onse anali a mabiti 32.

Malire a magigabaiti 4

Kumayiko opanga makinawa malire a mabiti 32 anali atayamba kale kuwapanikiza. Intel, mogwirizana ndi Hewlett-Packard, inayesa kuyamba zatsopano ndi purosesa ya Itanium mu 2001. Inali ya mabiti 64, koma inkalankhula chinenero china, ndipo mapulogalamu akale ankayenda movutikira. Anthu wamba sanaigule. AMD inasankha njira ina: inakulitsa purosesa yomwe ija yakale kuti ifike mabiti 64 popanda kusiya zakale. Opteron ndi Athlon 64 zinatuluka mu 2003, ndipo mu 2004 Intel inayamba kutsatira njira ya AMD. Kachiwiri, njira imene inapambana ndi imene inanyamula zakale n'kupita nazo patsogolo.

Zaka za pakati pa 2004 ndi 2010 ndi zimene zinasiya chisokonezo chimene tikuchionabe. Ma Pentium 4 ena ndi a mabiti 32, ena omalizira ndi a mabiti 64. Core Duo ya kumayambiriro kwa 2006 ndi ya mabiti 32 basi, pamene Core 2 Duo ya pakati pa chaka chomwecho ndi ya mabiti 64, ngakhale mayinawo amasiyana ndi nambala imodzi yokha. Tumalaputopu tating'ono ta Atom N270 ta 2008, timene ophunzira ankatikonda chifukwa chopepuka, n'ta mabiti 32. Komanso makina ambiri a purosesa ya 64-bit ankagulitsidwa ali ndi Windows Vista kapena Windows 7 wa 32-bit, chifukwa panthawiyo RAM ya magigabaiti 2 inkaoneka yokwanira. Makina amenewa ndi amene anatsika ntchito ku Ulaya patapita zaka, n'kukwera sitima, n'kufika m'mashopu a ku Town Centre ndi ku Kamwala.

Pa tebulo la wokonza

Mbiri yonseyi imaonekera bwino pa tebulo la wokonza makompyuta. Pamakhala fulashi ziwiri kapena zitatu zomangidwa pa chingwe chimodzi, ina yolembedwa 32 ndi cholembera chakuda, ina 64. Pambali pamakhala kabotolo ka tizomangira, burashi yochotsera fumbi, ndi timitengo ta RAM tozulidwa m'makina akufa, tokulungidwa m'pepala. Mayi wina amabwera ndi laputopu ya mwana wake amene ali ku koleji.

"Mwananga, taona makinawa. Tinagula RAM ina kuti ifike 8, koma akuchedwabe ngati kale."

Mnyamata wokonzayo amatsegula tsamba losonyeza za makinawo n'kuloza mzere umodzi ndi chala. Palembedwa kuti RAM ndi magigabaiti 8, koma yogwiritsidwa ntchito ndi 3 ndi pang'ono. M'munsi mwake palembedwa kuti Windows ndi wa 32-bit, purosesa ndi ya x64, kutanthauza ya 64-bit.

"Amayi, RAM yanu ilibe vuto, ndipo sanakubereni. Windows amene alimo ndi wamng'ono, saona kupitirira apa. Makinawa angathe kunyamula wa 64, koma tiyenera kufomata. Muuzeni mwana wanu ayambe wakopera zonse za kusukulu, chifukwa tikayamba palibe chotsala."

Mnyamatayo akunena zoona zokhazokha. Windows wamba wa 32-bit safika ngakhale pa magigabaiti 4 enieniwo, chifukwa manambala ena amatengedwa ndi zipangizo monga khadi la zithunzi. Palibenso njira yosinthira kuchoka pa 32 kupita pa 64 popanda kuika Windows mwatsopano. Ndipo wokonza wodziwa ntchito amafunsa kaye za pulinta ndi sikana. Mapulogalamu wamba a 32-bit amayenda bwinobwino pa Windows wa 64-bit, n'chifukwa chake mumaona foda yotchedwa Program Files (x86). Koma madiraiva, timapulogalamu tolumikiza makina ndi zipangizo zake, sasakanizika: Windows wa 64-bit amafuna madiraiva a 64-bit. Sikana yakale imene kampani yake sinalembe madiraiva atsopano imangokhala chete. Mapulogalamu a mabiti 16 a nthawi ya DOS nawonso sayenda pa Windows wa 64-bit. N'chifukwa chake m'tumashopu tina mumapeza kompyuta imodzi yakale pakona, yosalumikizidwa pa intaneti, ntchito yake ndi kuyendetsa sikana yokha. Mwini shopu anawerengetsera bwino, anaona kuti kusunga bokosi lakalelo n'kotsika mtengo kuposa kugula sikana ina.

Nzeru zimenezi anyamatawa ambiri sanaziphunzire m'kalasi. Anazitola kwa akuluakulu awo pantchito, pa YouTube, ndi pa makina amene anawakanika. Ndi iwo amene atalikitsa moyo wa makompyuta a m'komboni ndi zaka zambiri kuposa zimene opanga ake ankayembekezera, ndipo ayenera kulemekezedwa ngati amisiri ena onse.

Mayeso a 2015

Boma litasintha maphunziro, phunziro la Computer Studies linalowa m'makalasi a Giredi 8 ndi 9 kuyambira 2014. Mayeso oyamba a Giredi 9 ochitira pa kompyuta analembedwa kumapeto kwa 2015, chaka chimene madzi anachepa ku Kariba ndipo malaiti ankazima maola ambiri tsiku lililonse. Masukulu ambiri anali ndi makompyuta ochepa kwambiri poyerekeza ndi ana olemba. Ana ankalowa m'magulumagulu, ena akudikira panja, ndipo m'masukulu ena mayeso anafika mpaka usiku. Aphunzitsi anabwereka makina kwa anzawo ndi kwa makolo kuti ana alembe.

Zimenezi zinachititsa kuti masukulu ndi makolo afunefune makompyuta kulikonse, ndipo aliyense wobwera ndi makina ankalandiridwa ndi manja awiri. Koma nthawi inali itasintha. Microsoft inali itasiya kale kusamalira Windows XP pa 8 Epulo 2014, chaka chomwecho chimene ana athu anayamba phunziroli. Makina ambiri otsika mtengo amene ankapezeka anali a m'badwo wa XP womwewo. Chipinda cha makompyuta cha sukulu chinkatha kukhala ndi mibadwo itatu pamodzi, ina ya XP, ina ya Windows 7, ina ya Linux, ndipo mphunzitsi mmodzi ankayenera kudziwa kuti pulogalamu iti ilowa pa makina ati. Camara inkaika Linux wa mtundu wa Ubuntu pa makina ake, ndipo izi zinkathandiza kuti akale agwirebe ntchito popanda kulipira chiphaso cha Windows.

Zitseko ziyamba kutsekeka

Kuyambira pamenepo, mwambo wonyamula zakale unayamba kutha. Mu 2016 Google inasiya kutulutsa Chrome wa Windows XP ndi Vista, komanso wa Linux wa 32-bit. Ubuntu inasiya kutulutsa CD yake yaikulu ya 32-bit mu 2017. Apple inachotsa mapulogalamu onse a 32-bit pa macOS Catalina mu 2019. Windows 7 anasiya kusamalidwa pa 14 Januwale 2020, ndipo Chrome anamusiya kumayambiriro kwa 2023. Windows 11, amene anatuluka pa 5 Okutobala 2021, alibe n'komwe mtundu wa 32-bit. Ngakhale Debian, Linux amene anasunga makina akale nthawi yaitali, mu 2025 anatulutsa mtundu wa 13 wopanda choikira pa makompyuta a 32-bit.

Kwa munthu wa ku Lilanda, chimene chimapweteka kwambiri pa mndandanda umenewu ndi pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti. Ntchito zambiri zimene kale zinkafuna kukaima pa mzere tsopano zili pa intaneti: misonkho ya ZRA, kulembetsa bizinesi ku PACRA, zopereka za NAPSA, mafomu a m'makoleji. Masamba a masiku ano amafuna pulogalamu yatsopano yodziwa njira zatsopano zotetezera uthenga. Kompyuta ya XP ingayake bwinobwino, kiyibodi yake ili yonse, fani ikuzungulira, koma tsamba likakana kutseguka kasitomala amapita pa shopu ina. Makinawo sanawonongeke ndi fumbi la mwezi wa Okutobala kapena kuzima kwa malaiti. Asiyidwa ndi mapulogalamu, pa chigamulo chimene chinapangidwa kutali ndi anthu amene sadziwa kuti makinawo akudyetsabe banja.

Windows 11 anawonjezera mpanda wina. Kukhala ndi purosesa ya 64-bit sikukwaniranso. Pamafunika kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0, RAM yosachepera magigabaiti 4, ndipo kwa Intel purosesa iyenera kukhala ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatula zochepa chabe. M'badwo umenewu unayamba mu 2017. Ma HP ProBook, Dell Latitude ndi Lenovo ThinkPad a Core i5 a mibadwo ya m'mbuyo, amene ndi ochuluka m'manja mwa ophunzira ndi aphunzitsi a mu Lusaka, ali kunja kwa mpandawo. Windows 10, amene makina amenewa amayendera, anafika pa mapeto a chisamaliro chake chanthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Okonza amadziwa njira zolowetsera Windows 11 mozemba pa makina otere, koma Microsoft silonjeza kuti idzawasamalira.

Chimene mbiriyi ikutiphunzitsa

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chimaimba. Masiku onse amene tatchulawa analengezedwa pasadakhale, ena zaka zingapo asanafike. Kampani ya ku Ulaya imawerenga kalendala imeneyo n'kuchotsa makina ake nthawi isanakwane, ndipo makina omwewo ndi amene amadzaza makontena. Tiyenera kuyembekezera kuti makompyuta ambiri okanidwa ndi Windows 11 afika m'misika yathu pa mtengo wokopa. Si onse oipa. Core i5 ya 2014 yokhala ndi RAM ya magigabaiti 8 ndi disiki ya SSD imayendetsa Linux Mint kapena Ubuntu mosavuta, ndi pulogalamu ya intaneti yatsopano, kwa zaka zina zambiri. Makina oterewa ndi chuma ngati wogula akudziwa chimene akugula ndiponso ngati pafupi pali munthu wodziwa kuika Linux ndi kuphunzitsa ena. Koma makina a purosesa ya 32-bit yokha afika kumapeto. Mitundu ya Linux imene ikuwalandirabe, monga antiX, yatsala yochepa, ndipo kupereka makina otere ku sukulu lero ndi kuipatsa ntchito yotaya zinyalala.

Zinyalalazo sizipita kutali. Dzala lalikulu la mzinda wa Lusaka lili ku Chunga, kufupi ndi Matero, mbali yomweyo ya mzinda kumene kuli Lilanda. M'makompyuta akale muli mtovu ndi zinthu zina zapoizoni, ndipo mawaya ake akawotchedwa kuti atulutse kopa, utsi wake umapumidwa ndi anthu okhala pafupi. Pangano la Basel la 1989 linapangidwa kuti mayiko olemera asamatayire zinyalala zoopsa kwa osauka, ndipo kwathu kuno ZEMA ndi ZICTA ndi amene ali ndi udindo pa nkhani ya zinyalala za zipangizo zamagetsi. Koma kontena yolembedwa kuti ndi mphatso ya masukulu imadutsa mosavuta, ngakhale theka la katundu wake litatsala ndi chaka chimodzi chokha cha moyo.

Choncho funso la mabiti lisakhale la anyamata okonza okha. Mphunzitsi wamkulu amene akulandira makompyuta ali ndi ufulu wofunsa dzina la purosesa ndi chaka chake asanasaine, ndipo wopereka woona mtima sangakhumudwe ndi funsolo. Kholo limene likugulira mwana laputopu ku Town Centre liuze wogulitsa ayatse makinawo, atsegule tsamba la za makina, aonetse ngati purosesa ndi ya x64, m'badwo wake, ndi RAM imene ikugwiradi ntchito. Aphunzitsi a Computer Studies aphunzitse ana kuwerenga tsamba limenelo ndi kuika Linux, monga amawaphunzitsira kutaipa kalata. Safunsa anadya phula. Anthu a ku Lilanda sapanga nawo zigamulo za ku California, koma angathe kudziwa m'badwo wa makina amene akuwalipirira ndalama zawo, kukana amene atha ntchito, ndi kugwiritsa ntchito otsalawo mpaka mphamvu yawo yonse itatha.